Galimoto yathu inalira pamaliro a eni

Abale anga, Loweruka lapitali ndinaona amuna anga, munthu wamkulu, ali mu suti ndi tayi, akukankha galimoto yabwinobwino pamaso pa mudzi wathunthu. Mafuta anali odzaza thanki. Batire linali lamoyo. Galimotoyo sinafe ayi. Inali ndi mlandu.

Ndiyambire poyambira.

Amuna angawa, amene ndimawatchula kuti bambo a Tadala, amagwira ntchito pa fakitale ya tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Amayang'anira makina oumitsa masamba. Kwa zaka zambiri takhala tikuyenda pa njinga yamoto, ine kumbuyo, chitenje chili kumutu poopa fumbi. Chaka chino Mulungu anatikumbukira, tinagula kagalimoto. Kanayendapo kale kunja, koma kanafika kali koyera kuti mbee.

Anzawo anawalangiza kuti agule ya otomatiki. Iwo anakana.

"Galimoto yosintha yokha magiya ndi ya anthu aulesi," anatero. "Kuyendetsa n'kugwiritsa ntchito manja ndi mapazi omwe."

Chabwino. Tinagula ya manja ndi mapazi.

Koma kagalimotoka kali ndi khalidwe lake. Inu amene mumayendetsa mukudziwa kuti posintha giya mumachotsa phazi pa faya n'kuponda kilatchi. Galimoto zimene tinazizolowera, monga mapikapu akale a pa esiteti, ukatero injini imatsitsa mawu nthawi yomweyo. Kathuka ayi. Phazi lachoka, koma injini ikulirabe pamwamba pomwepo, vuuuu, kasingano ka pa dashibodi kali chiimire ngati sikanamve. Imayamba yaganiza kaye, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono. Ukafulumira kusiya kilatchi, galimoto imadumpha ngati chule, wokhala kumbuyo n'kudziluma lilime. Ine lilime langa lili ndi umboni.

Anapita nako kwa makaniko ku Bvumbwe. Makanikoyo anatsegula boneti, anatsuka apa ndi apo, anakayenda nako n'kubwerera, ndipo ananena kuti galimoto ilibe matenda, ndi mmene anaipangira. Bambo a Tadala sanakhutire. Anaweramira pa foni madzulo angapo, ndipo pomadzuka pamenepo anali katswiri. Akuti galimoto zamasiku ano zili ndi kompyuta. Ukachotsa phazi pa faya, kompyutayo sitseka mwadzidzidzi mpweya wolowa mu injini. Imatseka pang'onopang'ono kuti mafuta otsalira apse bwino, utsi woipa usatuluke wambiri. Mankhwala ake akuti n'kudekha: ponda kilatchi, puma kamodzi, lowetsa giya, kenako siya kilatchi.

Nkhani imeneyi ndaimva patebulo, ndaimva pakhonde, ndaimva popita kutchalitchi. Alonda a pageti aimva. Abusa aimva. Mayi wina wogulitsa mapeyala m'mbali mwa msewu anangolakwa kunena kuti, "Yatsopano, bwana?" Anaimva mpaka makasitomala ake anatopa n'kukagula kwa mnzake. Amuna anga ndi munthu wabwino. Samwa, samenya, sagona kunja. Koma ukawapempha kapu ya tiyi, amayambira ku nazale kumene mbande zimamera.

Chodabwitsa n'chakuti kudekha kumene amalalikirako, iwo eni alibe. Dzanja lawo linazolowera njinga yamoto, limasintha giya ngati likuthamangitsa nkhuku. Kuwonjezera apo, sabata yapitayo ekizozi, paipi yotulutsa utsi ija, inagunda mwala m'kanjira ka m'minda ya tiyi n'kubooka. Kumene kunali kung'ung'udza kunasanduka kubangula. Ndinawauza kuti akawotcheretse. Anati akatero Lolemba.

Tsopano Loweruka lija linafika Lolemba lisanafike.

Bambo a Tadala ali ndi mlongo wawo, a Esinati, amene ndi alamu anga. A Esinati ali ndi mwana wamwamuna, Limbani, amene amakonza magetsi pa esiteti. Limbani anapeza mbeta, dzina lake Elina, telala wa kumudzi wina kuseri kwa Masambanjati. Loweruka limenelo linali tsiku lokaonekera kwa makolo a mkazi, ndipo wolankhula anayenera kukhala bambo a Tadala, pokhala malume. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Limbani anadikira tsikuli kwa nthawi yaitali, ndipo anali ndi mantha. Akuti amalume ake a Elina, a Mulepa, ndi munthu wosamala kwambiri za ulemu. Akuti anabwezapo munthu wina wofunsira mkulu wake wa Elina chifukwa anawapatsa moni manja ali m'thumba. Limbani mwiniwake anali asanawaonepo, ankangomva mbiri.

"Amalume," anatero ali kumpando wakumbuyo, malaya oyera atawasita mpaka kuthwa, "chonde, kumeneko mawu akhale ochepa."

"Iwe, ukuphunzitsa ine kulankhula?" anatero bambo a Tadala, n'kusintha giya. Vuuuu. Galimoto inadumpha. A Esinati anagwira dengu la mphatso limene linali pamiyendo pawo. Munali shuga, mchere, sopo ndi tiyi wa kufakitale kwathu komwe.

Kunali kutagwa chiperoni. Minda ya tiyi inali yobiriwira mpaka kuphimba zitunda, othyola ali ndi madengu kumsana, atavala mapepala apulasitiki poopa mame. Titapitirira Masambanjati tinasiya msewu waukulu n'kulowa wafumbi, umene tsiku limenelo unali wamatope ofiira, oterera ngati therere. Tinadutsa m'minda ya nthochi, tinatsika kudambo, tinayamba kukwera chitunda.

Pakati pa chitundacho tinaona masamba atayalidwa pamsewu.

Nonse mukudziwa tanthauzo lake. Pali maliro. Wanjinga amatsika. Wachipewa amavula. Wagalimoto amayenda ngati akuponda mazira a eni. Ndipo ndinene zoona pamaso pa Mulungu, amuna anga anachita zonse zoyenera. Anazimitsa wailesi. Anavula chipewa n'kundipatsa. Analowetsa giya yoyamba n'kumayenda pang'onopang'ono.

Nyumba ya siwa inali m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Azibambo anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, azimayi ali mbali ina, kwaya ikuimba motsitsa mawu. Chitunda chinali chokwera ndithu, ndipo pa giya yoyamba injini inayamba kukweza mawu. Bambo a Tadala anachita manyazi ndi phokosolo. Ananong'oneza kuti, "Ndiike yachiwiri, ikhale chete."

Mwamva? Cholinga chawo chinali chakuti galimoto ikhale chete.

Anachotsa phazi pa faya. Ine ndinaliona ndi maso angawa, linachoka. Anaponda kilatchi. Ndipo pakhomo penipeni pa siwa, injini ija, itamasuka ku katundu wa chitunda, inatsala pamwamba pomwepo n'kubangula kudzera pa bowo la ekizozi lija.

VUUUUUUM!

Podzidzimuka, anasiya kilatchi msanga. Galimoto inadumpha, matayala anazungulira m'matope, ndipo matopewo anakathera pa miyendo ya azibambo awiri amene anaima m'mbali mwa msewu ndi makasu.

Kwaya inaleka kuimba.

Mitu yonse inatembenuka. Azibambo a makasu aja, amene anali adzukulu ochokera kokumba manda, anangoima pakati pa msewu. Anabweranso anzawo. Mkulu wawo anali munthu wamfupi wa majombo, dothi lofiira litamufika m'mawondo. Anagogoda pa windo ndi chala chimodzi.

"Zimitsani, bwana. Tsikani."

Bambo a Tadala anatsika, akukonza tayi.

"Bwana, malemuwa munkawadziwa?"

"Ayi, bambo, ife ndife odutsa chabe."

"Nanga galimoto yanuyi inkawadziwa?"

"Galimoto? Ayi."

"Ndiye ikulira chiyani? Anamfedwa ali m'nyumbamo akulira mwaulemu. Galimoto yanu yalira kuposa onse. Ife tinayesa wafika mwana wa malemu wa ku Joni."

Anzake anaseka cham'kati, koma maso awo sanali oseka. Ine ndinatulutsa mutu pa windo n'kunong'oneza kuti, "Bambo a Tadala, pepesani."

Anandimva. Anapinda manja bwinobwino n'kunena kuti, "Pepani kwambiri, abale anga."

Zikanathera pomwepo. Ndinaona mkulu wa adzukulu uja akuyamba kusuntha phazi kuti atipatse njira. Koma amuna anga anakoka mpweya. Ine mpweya umenewo ndimaudziwa, ndakhala nawo m'nyumba zaka zambiri.

"Koma si ine ayi."

Phazi lija linabwerera pamalo pake.

"Si inu? Amayendetsa ndani?"

"Ndimayendetsa ndine, koma chimene chalira chija si phazi langa. Ndi kompyuta."

Mkuluyo anawerama n'kusuzumira m'galimoto. Anandiyang'ana ine, anayang'ana a Esinati, anayang'ana Limbani amene anali atamira m'mpando mpaka kungotsala mphumi.

"Kompyuta ndi uti? Mnyamatayu? Atsike nayenso."

"Ayi, ayi, simunandimvetse," anatero bambo a Tadala, nkhope ikuwala tsopano chifukwa apeza kalasi. "Mu injini muli kachitseko ka mpweya. Kale kachitseko kameneka kankakokedwa ndi waya kuchokera ku phazi. Masiku ano kamalamulidwa ndi kompyuta. Ndiye nkhani ya utsi..."

Anafotokoza za mpweya. Anafotokoza za mafuta otsalira. Anafika mpaka pa malamulo a mayiko akunja oteteza chilengedwe. Adzukulu anatsamira makasu awo n'kumawayang'ana ngati munthu amene wadwala malungo a m'mutu. Uku abusa a pamaliropo, ataona kuti nkhani ya kumsewu sikutha, anaimirira n'kuyamba pemphero.

"Ndaona kuti simukukhulupirira," anatero amuna anga. "Dikirani ndikuonetseni."

"Amalume, ayi!" anatero Limbani.

"Achimwene, musatero!" anatero a Esinati.

Amuna anga analowa m'galimoto, analiza injini, anaponda faya, kenako anatukula mwendo wonse mpaka bondo linagunda chiwongolero.

VUUUUUUM!

"Mwaona? Onani phazi langa! Lachoka! Koma mwamva?"

Anamva. Mudzi wonse unamva. Abusa anaima pakati pa chiganizo, manja ali m'mwamba. Agalu anauwa kutsidya kwa dambo. Mayi wina wachikulire anafuula mawu a Chilomwe amene sindingawalembe m'nyuzi yowerenga ana. Mkulu wa adzukulu analowetsa dzanja pa windo, anazimitsa injini, n'kuika makiyi m'thumba mwake.

Apa ndiye kuseka kunatha. Achibale a malemu anaimirira, nkhope zili zofiira ndi kulira komanso mkwiyo. Wina ananena kuti mabwana a pa esiteti amaona anthu akumudzi ngati zitsa za m'munda. Wina anati galimotoyo igone pomwepo mpaka maliro aikidwe, nkhani ikambidwe mawa. Limbani anayang'ana wotchi, anayang'ana amayi ake, misozi ikulengeza m'maso. Kumene tinkapita anali kutidikira.

Amene anatipulumutsa ndi a Esinati. Anatsika ndi dengu lija, anamanga bwino chitenje, anadutsa m'matope n'kukagwada pamene panali azimayi, pafupi ndi khomo la siwa. Analankhula m'Chilomwe, motsitsa mawu, mutu uli pansi. Anaika dengu lonse patsogolo pawo ngati chipepeso. Shuga, mchere, sopo, tiyi, zonse zimene zinali za kwa apongozi zinalowa m'nyumba ya maliro. Anakhala nawo pang'ono, anapukuta misozi, n'kubwerera.

Azibambo anakambirana. Kenako mkulu wa adzukulu anabwera ndi chigamulo.

"Mayiwa atiphwetsa mtima. Koma mwambo ndi mwambo. Wanjinga akafika pamaliro amatsika n'kukankha. Galimoto yanuyi, popeza simva za mwini wake, nayonso ikankhidwe mpaka kupitirira masamba a kumtundako. Makiyi mukawalandirira komweko."

Anangotsegula chiwongolero ndi kiyi kuti chizitembenuka, n'kuima pambali akuyang'anira. Ine sindidziwa kuyendetsa, a Esinati chimodzimodzi. Tinagwirizana kuti Limbani agwire chiwongolero, poti mkamwini sangakaonekere ali matope okhaokha. Kumbuyo kunapita bambo a Tadala, ine ndi alamu anga.

Munakankhapo galimoto pachitunda cha ku Thyolo chiperoni chitagwa? Nsapato za suti zilibe mano. Amuna anga ankaponda apa, phazi n'kubwerera kumene lachokera. Kwaya inayambanso kuimba, ife tikubuula kumbuyo kwa galimoto ngati mabesi. Mdzukulu wina ankayenda pambali pathu akunong'oneza kuti, "Faya, bwana, faya. Ikani yachiwiri." Posakhalitsa bambo a Tadala anaterereka n'kugwa chogwada, mawondo onse awiri m'matope, tayi ili paphewa. Galimoto inayamba kubwerera.

Apo adzukulu anachita chisoni, kapena anaopa kukumba manda ena. Anaponya makasu pansi, anagwira galimoto, ndipo inakwera chitunda ngati pepala. Titapitirira masamba, mkulu uja anapereka makiyi.

"Muyende bwino, a Kompyuta. Mukailizire patali."

Kwa Elina sikunali kutali, kungozungulira chitunda n'kulowa m'nthochi. Koma mbiri inali itatitsogolera pa kabaza. Azimayi a pamjigo atationa anasiya kupopa n'kumagwirana mapewa.

Anatilandira azakhali ake a Elina. Anatulutsa mipando ya azibambo, anatiyalira mphasa ife azimayi, anabweretsa beseni la madzi kuti bambo a Tadala apukute mawondo. Kupukutako kunangofalitsa matope mpaka m'ntchafu. Kenako anatipepesa.

"Mudikire pang'ono, alendo. Amalume ake a mwanayu kulibe. Apita kumaliro kuseri kwa chitundaku. Omwalirawo anali mnzawo wa pamtima, anagwira limodzi ntchito pa esiteti."

Limbani anatseka maso. A Esinati anayang'ana kumwamba, milomo ikuyenda. Ine ndinayang'ana amuna anga, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirane ndinawaona alibe chofotokoza.

Tinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Kenako panjira panatulukira bambo wina wamtali, wa jekete yakuda ndi ambulera. Ndinamukumbukira nthawi yomweyo. Anali atakhala pampando wakutsogolo pansi pa mango paja, ndipo pa zonse zimene zinachitika sanatsegule pakamwa, ankangoyang'ana chibwano chili pa ambulera.

Amenewo ndiwo anali a Mulepa. Anasamba m'manja, anakhala pansi, anatipatsa moni mmodzimmodzi, mosafulumira. Atafika pa bambo a Tadala anayang'ana mawondo aja.

"Alendo athu, takuonani kale. Takumvaninso."

Panalibe woseka. Amuna anga anakonza kukhosi n'kuyamba monga mwa mwambo. Anati kwathu kuli tambala, ndipo tambalayo waona kamsoti pakhomo pano, ndiye tabwera kudzagwada kuti mwina angatiganizire.

A Mulepa anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Tambala wanuyo amalira nthawi yake? Kapena nayenso amalira pamaliro?"

Azakhali aja anabisa nkhope m'chitenje. Koma a Mulepa sanali kuseka.

"Ndifunse bwino, bambo. Ine amene ndamuika m'manda lero ndi mnzanga. Tinayamba limodzi kuthyola tiyi tili anyamata. Pamene abusa ankamupempherera, ine ndimamva galimoto. Zimenezo zapita. Koma banja ndi kulakwirana. Mwana wanga Elina akakwatiwa ndi mwana wanuyu, tsiku lina adzamulakwira ndithu, poti ndi anthu. Tsiku limenelo adzati chiyani? Pajatu mwana amaonera amalume ake. Mbuzi yanu ikadya chimanga cha mnzanu, amakapepesa ndi mbuzi?"

Kuseri kwa chitseko ndinaona nsonga ya diresi, ndipo ndinadziwa kuti Elina akumvetsera.

Ndiye ndinamva mpweya uja ukukokedwa.

"Kwenikweni, bambo, nkhani yake ndi ya..."

Mphasa yanga inali pafupi ndi mpando wawo. Ndinatambasula dzanja ngati ndikukonza chitenje, n'kuwatsina pa kakolo. Sindinatsine mwachikondi ayi. Ndinatsina ngati nkhanu.

Anaima. Anandiyang'ana, anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana Limbani. Sindikudziwa chimene anaona pankhope ya mwanayo, koma anadzuka pampando, anagwada pa mawondo omwe aja amatope, n'kunena kuti:

"Bambo, ndinalakwa. Ndasokoneza maliro a mnzanu. Pepani."

Basi.

Ine ndinamuona "koma" akukwera pakhosi pawo. Ndinaona kholingo likupita m'mwamba. A Mulepa nawonso anamuona, ndipo anadikira dala, chibwano pa ambulera, kuti aone ngati atuluke. Nkhuku inadutsa pabwalo. Amuna anga anameza malovu, kholingo linatsika, ndipo pakamwa panakhala potseka.

"Dzukani, bambo," anatero a Mulepa. "Suti yavutika mokwanira. Elina! Tuluka udzawapatse moni alendo ako."

A Esinati analiza nthungululu yaing'ono, yoyenera tsiku la maliro. Anayamba kupepesa kuti tafika manja ali lende, koma a Mulepa anawadula. Anati dengu analiona kumene linalowa, ndipo tiyi wake amwa kale komweko. Nkhani inayenda bwino. Anagwirizana za chinkhoswe. Lamulo linali limodzi lokha, lakuti tsiku limenelo ekizozi ikhale itawotcheredwa, apo ayi galimoto idzatsale ku Masambanjati ife tidzabwere pa kabaza.

Tinadya, tinatsanzika. Potiperekeza, a Mulepa anazungulira galimoto ija, anagogoda boneti ndi ambulera, n'kutsitsa mawu.

"Ine kumapeto kwa ntchito yanga ndinkayendetsa thirakitala yonyamula masamba. Ija ukachotsa phazi imamva. Tsopano tandiuzani bwino, kompyutayo imatani kwenikweni?"

Abale, mukanaona nkhope ya amuna anga. Boneti linatsegulidwa. Jekete inavulidwa. Ine ndi a Esinati tinangobwerera pamphasa, ndipo azakhali anatibweretsera nthochi. Azibambo awiriwo anaweramira mu injini mpaka nkhuku zinayamba kulowa m'khola, wina akufotokoza, wina akufunsa, onse akukondwa. Nkhani yomwe ija, mawu omwe aja a mpweya ndi utsi, amene masana anatsala pang'ono kutigonetsa pamsewu.

Ndakhala ndikuganiza zimenezi sabata yonse.

Chifukwa taonani, bambo a Tadala sananame. Phazi linachokadi. Kompyuta ilikodi, ndipo imachitadi zimene ankanena. Akanapita nazo kwa akatswiri, akanawaombera m'manja. Koma anthu aja sanaime pamsewu kuti aphunzire za injini. Anali ndi chisoni, ndipo wina anabangula pakati pa chisoni chawo. Ankafuna kuona ngati munthuyo zamukhudza.

Ndipo matenda amenewa si a m'nyumba mwanga mokha. Tayendani muone.

Pitani ku ofesi mutakwera minibasi kuchokera ku Khonjeni m'mamawa, mukhale pabenchi mpaka msana kuuma. Mukafika pa windo akuuzani kuti, "Sisitimu yagwa." Osakuyang'anani n'komwe. Mwina yagwadi, ine sindikutsutsa. Koma kodi sisitimu ikagwa imagwera pakamwa pa munthu, kuti alephere kunena kuti pepani mayi, mwavutika ulendo wonsewu?

Munthu walonjeza kuti abwera, inu mwapha nkhuku, iye osaoneka. Mukakumana, moni wake ndi wakuti, "Netiweki inavuta." Telala wadula nsalu yanu ya ukwati molakwika, akuti ndi magetsi. Wamkulu wina walankhula zonyoza pagulu, mawa lake akuti anthu sanamumvetse. Makolo athu zikalakwika ankaloza mfiti. Ife tinabwera n'kumaloza Satana. Ana athu akuloza kompyuta. Chala chimangosintha kolowera, koma sichinayambe chalozapo pachifuwa cha mwini wake.

Ndiye pali kupepesa kwina kumene kwafala, kovala jekete: "Pepani ngati ndakulakwirani." Ngati? Munthu wandiponda chala, ine ndikudumpha ndi mwendo umodzi, iye akuti ngati? Kwinanso ndi kuja kwa amuna anga, pepani wokhala ndi mchira. "Pepani, koma." Dziwani kuti "koma" akangotuluka, amadya pepani yense, n'kutsala mlandu uli pomwepo, wonenepa kuposa kale.

Ena mudzati pepani sapoletsa chilonda. Zoona. Pepani sanachotse matope pa miyendo ya adzukulu, ndipo sanabwezere pemphero la abusa pamene linadukira. Koma ine ndaona ndi maso anga kuti kufotokoza ndiye kumachitosa chilondacho. Ndaonanso kuti munthu yemweyo amene wakana kumva zifukwa zako ali wokwiya, ukamupepesa bwino amadzakufunsa yekha, mwinanso n'kukugwirira boneti.

Sindikunena kuti tizivomera milandu ya eni, kapena kuti choona chilibe ntchito. Chili nayo, ndipo nthawi yake imafika. Chovuta n'chakuti timafuna kuyamba ndi kudziyeretsa, mnzathu akadali ndi misozi m'maso. Timaopa kuti tikangoti pepani n'kukhala chete, ndiye kuti tachepa. Chonsecho ine sindinaonepo bambo a Tadala ali wamkulu ngati mmene anaonekera atagwada pabwalo la eni, pakamwa pali potseka.

Ndiye ndikufunseni inu, bambo, inu mayi, inu bwana wa pa windo, inunso amene mukuwerenga muli ndi wina kunyumba amene simukulankhulana naye bwino: ndi liti pamene munanenapo kuti "pepani" n'kuthera pomwepo?